Hita ya gasi m'vani yochapira: kasamalidwe kake m'kutentha kwa kuchigwa cha Shire

Madzi ozizira sachotsa girisi pa injini ya thirakitala, ndipo satulutsa thukuta limene lalowerera m'matilesi a kumalo ogona alendo. N'chifukwa chake vani yochapira yoyenda pakati pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka kuboma ku Nsanje imafunika hita, ndipo ya gasi ndiyo imathandiza chifukwa si paliponse pamene kasitomala wakuitanirani pali magetsi. Koma amene anapanga mahita amenewa ankaganizira khoma la nyumba kapena misewu yosalala ya kumaiko ozizira. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 40, m'vani yotseka yoima padzuwa mumatha kudutsa 60, madzi a m'mijigo yambiri ndi amchere, ndipo fumbi ndiye losachita kufunsa. Gasi, mpweya ndi madzi ziyenera kukhala zikuyenda bwino zonse zitatu musanayatse moto. Zida zotetezera zimene zili pahita ntchito yake ndi kuzimitsa moto chimodzi mwa zitatuzi chikatsamwa, ndiye amene amazidumphitsa ndi waya kuti ntchito ithe msanga ndi amene amapsa.

Werengani kaye kachitsulo ka pahita

Pambali kapena pansi pa hita iliyonse pamakhala kachitsulo kolembedwa mtundu wa gasi, mphamvu yake mu kW ndi puresha imene imafuna. Makina ambiri amabwera atagwirako kale ntchito kunja, ndipo ena anapangidwira gasi wa m'mapaipi a m'mizinda, amene kuno kulibe. Mukaona G20, kapena 12A ndi 13A pa makina ochokera ku Japan, dziwani kuti imeneyo si ya gasi wathu wa m'masilinda. Yathu imalembedwa LPG, G30 kapena G31. Kusiyana kwake kuli pa majeti, tizitsulo ta mabowo totulutsira gasi kumoto: a gasi wa m'mapaipi ali ndi mabowo aakulu, ndipo mukawapatsa gasi wa m'silinda lawi limatalika, limakhala lachikasu, ndipo mwaye umatseka hita m'masiku ochepa. Mankhwala ake ndi kusintha majeti onse ndi kukonzanso puresha, osati kuchepetsa gasi pa valavu ya silinda.

Reguleta, chida cha pa silinda chochepetsa puresha ya gasi, iyenera kugwirizana ndi nambala ya pakachitsulopo. Mahita ang'onoang'ono okhala ngati giza ya kubafa amafuna puresha yotsika, 28 mbar, imene ena amalemba 2.8 kPa, kapena 37 mbar. Reguleta yokhala ndi chopotokola, ija amagwiritsa ntchito ophika m'mapoto aakulu, imatulutsa puresha yoposa pamenepo maulendo makumimakumi, ndipo imawononga valavu ya hita yotere nthawi yomweyo.

Chinanso: giza ya kubafa imapirira madzi a puresha ya bar 8 mpaka 10 basi. Pampu ya pressure washer imakankha bar 100 kapena kuposa. Giza yotere isaikidwe kutsogolo kwa pampu imeneyi, kumene madzi amatuluka ndi puresha, iphulika. Kuyiika kumbuyo kuti izipatsa pampu madzi otentha nakonso kumafuna kuona kaye buku la pampuyo, chifukwa mapampu ambiri a madzi ozizira mphira zake zimafa madzi akapitirira madigiri 40 mpaka 60. Hita yoyenera puresha yaikulu ndi ija ya koyilo ya paipi yachitsulo yochindikala.

Silinda

Mu silinda gasi amakhala wamadzimadzi, ndipo pamwamba pake amasiyapo dala mpata, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Mpata umenewu si kuba kwa wogulitsa. Gasi wamadzi akatenthedwa amafufuma kuposa madzi maulendo opitirira khumi, ndipo puresha imakwera limodzi ndi kutentha: propane amene pa madigiri 20 ali pa bar pafupifupi 8, pa madigiri 50 amafika cha m'ma 17. Silinda yodzazidwa mopitirira ku Blantyre m'mawa wozizira, ikatsika phiri n'kudzaima masana pa Nchalo m'vani yotseka mawindo, valavu yake yotetezera imayamba kufwetsa gasi m'kati momwemo.

Choncho silinda iliyonse ikwere sikelo musanailandire. Pakhosi kapena pachogwirira pamadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, nthawi zambiri pambali pa zilembo TW. Ngati padindidwa 10.2 kg ndipo ndi silinda ya 9 kg, yodzaza iyenera kulemera 19.2 kg. Yopitirira pamenepa ibwezeni, musaione ngati mwapatsidwa basera. Gulani kwa ogulitsa amene ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi, ndipo zothira gasi nokha kuchoka m'silinda yaikulu kupita m'yaing'ono zisiyeni, ngakhale mutaona kuti kokadzazitsa n'kutali.

M'vani silinda imaima chilili nthawi zonse, yodzaza kapena yopanda kanthu, ndi yapadera yomwe. Ikagona, gasi wamadzi amafika pa valavu n'kulowa mu reguleta, ndipo lita imodzi ya madzi amenewa imasanduka malita pafupifupi 250 a gasi woyaka. Imangeni ndi malamba awiri a ratchet, lina m'munsi lina cha m'mapewa, pa chitsulo chowotcherera kapena chomangidwa ndi mabawuti ku bodi ya galimoto. Mphira wa chubu amagwira katundu pa njinga, koma silinda ya 19 kg pa makona otsika ku Thabwa, mabuleki ataponderezedwa mwadzidzidzi, sangaigwire. Valavu ikhale yotseka nthawi yonse imene galimoto ikuyenda.

Malo ake abwino ndi bokosi lachitsulo lotsekeka bwino mbali ya m'kati mwa vani, lokhala ndi bowo pansi, lotakata masentimita 5 kapena kuposa, lotulukira kunja. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, kamodzi ndi theka mpaka kawiri, choncho akatayika sakwera kudenga koma amayenderera pansi ngati madzi, n'kukadikha pa sitepe ya chitseko kapena m'malo a tayala lapadera. Akangokwana magawo awiri pa 100 alionse a mpweya, kamoto ka pa batire kapena ka pa switch ya pampu n'kokwanira. Bowolo lisayang'anizane ndi ekizozi. Ndipo muzilisuzumira, chifukwa matope a makande akauma amalimata ngati simenti, mavu nawonso amakonda kumangamo.

Ntchito ikatha, silinda ituluke m'vani ikagone panja pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi khitchini ndi ngalande. Kuchipinda chogona ayi, ngakhale mukuopa akuba. Iwotcherereni khola la zitsulo lokhoma.

Kodi gasi amatha bwanji? Kutenthetsa malita 10 pa mphindi kuchoka pa madigiri 28 kufika 68 kumafuna 28 kW yolowa m'madzi. Kilogalamu imodzi ya gasi ili ndi pafupifupi 13 kWh, ndipo kutentha kwina kumathawira kuchumuni, ndiye mumawotcha makilogalamu awiri ndi theka pa ola. Silinda ya 9 kg ingathe m'maola atatu ndi theka, koma kawirikawiri imayamba kufooka isanathe: imachita thukuta, nthawi zina chipale choyera m'munsi, lawi n'kuchepa. Sikuti gasi ndi woipa, mukungomukoka mofulumira kuposa mmene silindayo ingamusandutsire mpweya. Musaithire madzi otentha kapena kuiyandikiza kumoto. Pitani pa ya 19 kg kapena 48 kg, kapena mmisiri wa gasi akulumikizireni ziwiri.

Paipi, reguleta ndi thovu la sopo

Paipi ikhale ya gasi yeniyeni, yolembedwa LPG ndi chaka chimene inapangidwa. Ya madzi kapena ya petulo gasi amaidya. Isapitirire mamita awiri, isakhale yolumikiza pakati, isakhudze chumuni, ndipo podutsa pa chitsulo ivekedwe mphira kuti isamakhuzike. Mtunda ukatalika, gwiritsani paipi ya kopa yomangidwa ndi timakilipi kukhoma la vani, yofewayo ikhale kumapeto kokha. Kumaiko ozizira amaisintha pakatha zaka zisanu. Kuno dzuwa ndi kutentha zimaiumitsa msanga, ndiye mwezi uliwonse ipindeni pafupi ndi kilipi. Mukaona timing'alu ngati ta kuchidendene, kapena mano a khoswe, yatha ntchito. Kumata ndi selotepi si kukonza.

Pa masilinda ambiri a 9 kg kupita m'mwamba, nati ya reguleta imamangidwa mozungulira kumanzere, mosiyana ndi bawuti wamba. Kunsonga kwake kuli kamphira kakuda, ndipo ndi kameneka kamatseka gasi, osati mphamvu ya sipanala. Kakaphwanyika kapena kutayika gulani kena, ndipo musunge tiwiri titatu m'bokosi la zida. Tepi yoyera ya mapulambala pamenepa siithandiza kanthu.

Mukasintha silinda, komanso m'mawa uliwonse mukayenda msewu wa mabampu, yesani ngati gasi sakutulukira penapake. Sungunulani supuni imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale m'kapu ya madzi, tsegulani valavu ya silinda hita ili yozima, ndipo pakani thovulo ndi burashi pa valavu, pa nati ya reguleta, pa makilipi onse awiri ndi polowera gasi mu hita. Dikirani mphindi imodzi mukuyang'anitsitsa. Pamene pakutuluka gasi wambiri pamafufuma mathovu aakulu. Pamene akutuluka pang'onopang'ono pamangomera kamulu ka timathovu ting'onoting'ono ngati malovu, ndipo kameneka ndiko anthu amakaphonya chifukwa cha changu. Mukatha pukutani ndi madzi oyera. Mankhwala otsukira mawindo okhala ndi ammonia musawagwiritse ntchito apa, amang'ambitsa mkuwa. Machesi sayesera gasi.

Mpweya, ndi chifukwa chake zitseko zimakhala zotsegula

Kilogalamu imodzi ya gasi imafuna mpweya wopitirira ma cubic metre 12 kuti ipse bwino. Hita yathu ija ya makilogalamu awiri ndi theka pa ola imameza ma cubic metre oposa 30, pamene kumbuyo kwa Toyota Hiace wamba mumangolowa pafupifupi 6, musanaikemo thanki ndi makina. Mukatseka zitseko chifukwa cha fumbi kapena mphepo, m'mphindi zochepa moto umayamba kupuma utsi wake womwe, ndipo m'malo motulutsa mpweya wamba wa moto umatulutsa carbon monoxide. Ndi yemwe uja amapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Alibe fungo, alibe mtundu, ndipo amakanirira m'magazi kuposa oxygen maulendo opitirira 200.

Kuno kuchigwa choopsa chake n'chakuti zizindikiro zake n'zimene tinazolowera: mutu, chizungulire, nseru, kufooka kwa mawondo. Aliyense amati ndi dzuwa kapena malungo akuyamba. Mnyamata wothandiza amamwa Panado n'kukagona mu vani momwemo kuti apumule, pafupi ndi hita. Zindikirani izi: anthu awiri akamva mutu nthawi imodzi, kapena mutuwo ukamatha munthu akatalikira vani n'kubwereranso akayandikira, zimitsani zonse. Wodwalayo mutulutsireni pamphepo, musamuyendetse mtunda, ndipo mupite naye kuchipatala, kaya ku Chikwawa, ku Montfort ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Nsanje. Kumeneko mukanene momveka kuti anali pafupi ndi hita ya gasi, kuti asangomuyeza malungo okha. Chimene akufunika ndi oxygen.

Chitseko cham'mbali ndi chakumbuyo zikhale zotsegula nthawi yonse imene moto ukuyaka. Koma zitseko zokha sizikwanira, hita ikhale ndi chumuni chotulukira padenga kapena pakhoma la vani. Chumuni chikhale chachitsulo, chotakata mofanana ndi pakamwa pa hita, chokwera osatsikanso, chopanda makona ambiri, chokhala ndi chipewa pamwamba. Podutsa padenga chotsani siponji, kapeti ndi pulasitiki zonse zoyandikira. Hita imene imakoka mpweya kunja n'kutulutsanso utsi kunja, moto wake uli wotsekeredwa, ndiyo yabwino koposa m'galimoto, ngati thumba likulola.

Kuti muone ngati chumuni chikukoka, yambani mwatsimikiza ndi sopo kuti gasi sakutayika, yatsani hita iyake mphindi zisanu, kenako yandikizani utsi wa koyilo ya udzudzu m'mphepete mwa chipewa chimene chili pamwamba pa hita, pamene chumuni chimayambira. Utsi uyenera kumezedwa kulowa m'kati. Ukamakankhidwira kwa inu, chumuni chatsekeka kapena mphepo ikubwezera. Kagalasi kozizira kakachita nthunzi pamalo omwewo ndi nkhani yomweyo.

Gulani alamu ya carbon monoxide, makamaka yolembedwa EN 50291-2, imene anapangira magalimoto ogonamo. Ya muyezo umenewu imalira pakati pa mphindi 60 ndi 90 mpweyawu ukakhala pa 50 ppm (magawo 50 pa miliyoni), ndipo isanathe mphindi zitatu ukafika 300 ppm. Iikeni pa msinkhu wa mutu, osati pamwamba penipeni pa hita. Zambiri zinalembedwa kuti zimapirira mpaka madigiri 40, choncho musaisiye m'vani yotseka padzuwa. Ichotseni pamodzi ndi silinda. Ili ndi tsiku lothera ntchito kumbuyo kwake. Alamu imeneyi siimva gasi wa m'silinda. Yomva gasi ndi ina, ndipo imaikidwa pansi.

Jenereta kapena injini ya petulo ya pampu imatulutsa carbon monoxide wambiri kuposa hita yabwino. Itsitseni pansi, ekizozi iloze kutali. Poimika vani onani kumene mphepo ikupita, utsi usalowe pawindo la kasitomala, ndipo pa malo a malonda talikiranani ndi chiwaya cha tchipisi ndi mbaula za owotcha chimanga. Petulo, thina, Jik ndi HTH zisakhale pafupi ndi hita: ziwiri zoyambazo zimayaka, ndipo fungo la chlorine likakokedwa m'moto limasanduka asidi amene amadya kopa ya hita.

Lawi

Lawi labwino ndi labuluu, lalifupi, lofanana pa mizere yonse ya burner (chitsulo chimene moto umayakirapo), lokhazikika. Timadontho ta olenji tothwanima ndi fumbi chabe limene likupsa. Lawi lachikasu, lalitali, logwedezeka mwaulesi ndiye vuto: mpweya wachepa. Nthawi zambiri wolakwa ndi kangaude amene waluka m'kapaipi kosakanizira gasi ndi mpweya, kapena fumbi losakanikirana ndi ulusi wa makapeti. Lawi lodumpha kuchoka pa burner n'kumalira ndiye kuti puresha yakwera kapena mpweya wachuluka.

Kamodzi pa mwezi, ndipo kawiri m'miyezi ya fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, tsekani gasi, dikirani hita izizire, chotsani chivundikiro ndi kutsuka burner ndi burashi yofewa, kenako muipemerere ndi kompuresa. Jeti yotsekeka ipemerereni chobwerera. Singano kapena waya zisalowemo, chifukwa mkuwa ndi wofewa, bowo limakula pang'ono pokha ndipo lawi silidzabwereranso mwakale. Unikani ndi tochi timapepala tachitsulo ta pamwamba pa moto, timene madzi amadutsamo. Mukapezamo mwaye wakuda, hitayo yakhala ikutulutsa carbon monoxide. Kupukuta mwaye kokha osapeza chimene chaubweretsa ndi kudzinamiza.

Madzi a kuno

Apa ndi pamene mahita ambiri amafera. Madzi a mu Shire, makamaka nthawi ya dzinja, amakhala ndi matope ndi mchenga wosalala umene umatseka sefa, kudya mphira za pampu ndi kukanirira mu kavalavu kamene kamauza hita kuti madzi akuyenda, kotchedwa flow switch. Ngati palibe ena, atungeni dzulo lake agone mu dramu, mutenge apamwamba. Ikani sefa ziwiri: ya waya potulukira thanki, ndi ya kandulo ya ma micron 20 pampu isanafike. Ya wayayo itsukeni tsiku lililonse.

Madzi a pamjigo amaoneka oyera koma ali ndi zawo. Ena ndi olimba: mukawathira m'botolo ndi timadontho ta sopo n'kukhutchumula, sachita thovu, amangoyera ngati mkaka. Amenewa akatenthedwa, makamaka kupitirira madigiri 60, amasiya laimu m'paipi ngati uja amakanirira mu ketulo. Laimu amatsekereza kutentha, ndiye chitsulo chimapsa kunja pamene madzi m'kati sakutentha, paipi imachepa, ndipo mapeto ake imabooka. Ena ndi amchere weniweni, omveka palilime. Mchere umenewu sefa siyiuchotsa, asidi sauchotsa, ndipo ukatentha umaboola ngakhale chitsulo cha stainless. Mjigo umene amayi a m'mudzimo amakana kuphikira nyemba kapena kuchapira, inunso musatungepo. Funsani kaye, amadziwa mjigo uliwonse. Ndi bwino kunyamula madzi abwino kuchokera kumene mwawayesa kale, kusiyana ndi kugula koyilo yatsopano.

Musatenthetse kuposa mmene ntchito ikufunira. Masofa ndi matilesi ambiri amayera pa madigiri 50 mpaka 60. Girisi ndiye amafuna kuposa. Kumbukiraninso kuti masana madzi a mu thanki amakhala atafunda kale, ndiye chopotokola chimene munachiika m'mawa chimatha kuwiritsa madzi nthawi ya nkhomaliro. Mankhwala ochapira alowe m'madzi atadutsa kale mu hita.

Njira yosavuta yodziwira nthawi yotsuka laimu ndi ndowa. Hita ikakhala yoyera, werengani masekondi amene imatenga kudzaza ndowa ya malita 20, mulembe ndi maka m'kati mwa chitseko. Nthawiyo ikadzatalika ndi gawo limodzi mwa anayi sefa zili zoyera, kapena hita ikayamba kulira ngati ketulo yofuna kuwira, yakwana. Tsekani gasi, hita izizire. Masulani mapaipi olowera ndi otulukira madzi, mulumikize mapaipi awiri afupiafupi opita mu ndowa ya pulasitiki. Sungunulani magalamu 500 a citric acid m'malita 10 a madzi ofunda. Ngati palibe, viniga woyera wosasungunula amagwira, kungoti amachedwa. Zunguzani ndi kapampu kakang'ono kwa mphindi 45 mpaka ola. Muona thovu ndi tizibenthu toyera tikubwerera mu ndowa. Sefani ndi kansalu kuti tisalowenso. Thovu likasiya msanga koma madzi akudutsabe pang'ono mu hita, sungunulani citric acid wina. Pomaliza tsukuluzani ndi madzi oyera kwa mphindi khumi. Moto usayake asidi ali m'kati. Asidi wa batire ndi wa m'madziwe osambira musayerekeze, amadya kopa ndi zowotcherera zake.

Kuyatsa ndi kuzimitsa

Madzi amayamba, moto umatsatira. Pozimitsa moto umayamba, madzi amatsiriza. Imikani vani pamalo osapendekeka, tsegulani zitseko, nunkhizani pansi, onani thanki. Yatsani pampu madzi atuluke mpaka asiye kutsokomola. Kenako tsegulani silinda pang'onopang'ono ndi kuyatsa hita nkhope ili pambali. Ikakana kuyaka kawiri, tsekani gasi mudikire mphindi zisanu musanayesenso. Phokoso lija lakuti phuu! poyaka ndi gasi amene anaunjikana chifukwa moto unachedwa, ndipo likamabwerezabwereza onani mabatire a choyatsira ndi mpata wa pa nsonga yothethekera moto, umene umakhala mamilimita atatu kapena anayi.

Pomaliza ntchito zimitsani moto koma madzi ayendebe mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka atuluke ozizira. Mukazimitsa zonse pamodzi, madzi otsalira mu koyilo amawira ndi kutentha kwa chitsulo, laimu amakhazikika, ndipo amene adzagwire mfuti yopopera madzi pambuyo pake amalandira nthunzi m'manja. Tsekani valavu ya silinda, finyani mfuti puresha ithe. Polowa pa filing'i siteshoni kalawi kakang'ono koyatsira kakhale kozima.

Ikamazima yokha

Ngati kalawi koyatsira kamazima mukangosiya batani, ngakhale mwaligwira masekondi 30, yang'anani thermocouple. Ndi kachitsulo konga msomali kamene nsonga yake imakhala m'lawi. Ikatentha imapanga magetsi ochepa kwambiri, cha m'ma millivolt 25 mpaka 30, amene amagwira valavu kuti ikhale yotsegula. Lawi likazima valavu imatseka yokha. Nsongayo ilowe m'lawi pafupifupi sentimita imodzi. Ipukuteni ndi sandipepa wosalala, ndipo nati yake ya ku valavu, imene imamasuka ndi mabampu, imangeni ndi zala kenako kota ya mzungulo ndi sipanala. Ikakanabe gulani ina, ndi yotsika mtengo. Kupanikiza batani ndi kamtengo kapena kulimanga ndi waya kumatanthauza kuti mphepo ikazimitsa lawi, gasi azingotuluka.

Hita yozima pakati pa ntchito n'kudzayakanso ikazizira ikuzimitsidwa ndi chida choletsa kutentha mopitirira. Chidacho sichinawonongeke, chikukuuzani kuti madzi achepa, laimu wachuluka kapena chumuni chatsekeka. Choopsa kuposa zonsezi ndi moto wopitiriza kuyaka mutasiya mfuti. Pamenepo flow switch yakanirira, kawirikawiri ndi mchenga, ndipo madzi oima akusanduka nthunzi. Tsekani silinda nthawi yomweyo, ndipo hitayo isayakenso mpaka itakonzedwa. Valavu yotulutsa puresha ikamadontha, isintheni ndi ina ya nambala yomweyo. Kuitseka ndi pulagi ndi kuchotsa chitseko chokhacho chimene nthunzi ikanathawira.

Kamodzi pa chaka mmisiri wa gasi ayeze puresha ya pa burner ndi chida chake, aonenso reguleta. Valavu ya gasi ndi reguleta sizimasulidwa m'kati, zimangosinthidwa.

Zikavuta

Mukamva fungo la gasi tsekani silinda, tsegulani zitseko zonse, musakhudze switch iliyonse, musalize galimoto, ndipo uzani osuta fodya atalikire. Chozimitsira moto cha ufa, cha 4.5 kg, chikhale pakhomo pofikika muli panja, osati kuseri kwa thanki. Mwezi uliwonse chitembenuzeni ndi kuchigwedeza, chifukwa kugwedezeka kwa galimoto kumatsendera ufawo pansi. Moto ukabuka pa paipi, chofunika ndi kutseka valavu. Kuzimitsa lawi gasi akutulukabe kumangodzaza vani ndi gasi wosapsa. Ngati valavu siikufikika ndipo moto ukunyambita silinda, thawitsani anthu kutali ndithu.

Wopsa ndi madzi kapena nthunzi athiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, mphete ndi wotchi zivulidwe pasanatupe, ndipo chilonda chiphimbidwe ndi nsalu yoyera. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, zonsezi ayi. Kupsa kwa kumaso, m'manja kapena kokula kuposa chikhatho n'kwa kuchipatala.

Za dzinja: amene anaona madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 amadziwa mmene madzi amakwerera msanga ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Hita imene yamizidwa isayatsidwe ngakhale itauma n'kumaoneka bwino. Matope osalala amakhala atalowa mu valavu ya gasi, mu reguleta ndi mu flow switch, ndipo zimenezi zimayenera kusinthidwa zonse. Ngakhale mwangowoloka pamadzi ofika m'ma ekiselo, gwadani muone bowo la pansi pa bokosi la silinda, mulitokose ndi kamtengo matope asanaume.